Alick Nkhata: Woimba Amene Analowetsa Nyimbo za Kumudzi mu Wailesi

Mseu wa Alick Nkhata ndi umodzi wa miseu imene anthu amayendamo kwambiri mu mzinda wa Lusaka. Umayambira ca ku Longacres, umadutsa pa Mass Media pamene pali likulu la wailesi ya ZNBC, ndipo umapitirira ku Kalingalinga kulowera ca ku Mtendere. M'mbali mwake muli amisiri okhoma mipando ndi zitseko, amai ogulitsa ndiwo zamasamba, ndi mabasi odzaza anthu opita ku nchito. Dzina la mseuwu limachulidwa tsiku lililonse, koma ambiri mwa acinyamata amene amalichula anabadwa mwini dzinalo atagona kale m'manda.

Malemu a Alick Nkhata anali woimba, wopeka nyimbo ndiponso woulutsa mau pa wailesi. Kwa zaka zoposa 20, kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, mau ao anali kumveka m'makomboni a Lusaka monga Chibolya, Kanyama ndi Matero, ku migodi ya ku Copperbelt, ndiponso m'midzi ya ku Nyasaland ndi Southern Rhodesia. Anamwalira pa 19 October 1978 ku Mkushi, pa tsiku limene asilikali a boma la Ian Smith anaphulitsa misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe m'dziko lino. Pa moyo wao wonse analimbana ndi nkhani imodzi imene inali yaikulu m'masiku a atsamunda: ngati nyimbo ya munthu wakuda, yobadwira pa mtondo kapena pa bwalo la mowa, ingapatsidwe ulemu wofanana ndi nyimbo za ku Ulaya zimene zinali kuimbidwa pa piyano m'maholo a azungu.

Kubadwa kwao ndi nkhondo ya ku Burma

A Nkhata anabadwira ku Kasama, kumpoto kwa dziko limene pa nthawiyo linali kuchedwa Northern Rhodesia, m'caka ca 1922. Atate ao anali Mtonga ndipo amai ao anali Mbemba. Motero anakulira pakati pa mitundu iwiri, ndipo atakula anadzakhala munthu wa zinenero zingapo, woimba m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za cigawo cino ca Africa.

Pamene iwo anali kubadwa, dzikoli linali likali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company. Boma la Britain linayamba kulilamulira lokha mu 1924. Masukulu ambiri a anthu akuda anali a mishoni, ndipo mnyamata wophunzira analibe njira zambiri zoti asankhepo. Akanatha kukhala kalaliki wa ku boma, womasulira mau m'khoti, mlaliki kapena mphunzitsi. A Nkhata anaphunzira nchito ya uphunzitsi.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, anyamata zikwizikwi a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland analembedwa usilikali. Poyamba anamenyana ndi asilikali a Italy ku Somaliland ndi ku Ethiopia, ndipo pambuyo pake ambiri anawoloka nyanja kupita ku Burma kukamenyana ndi asilikali a Japan m'nkhalango za mvula ndi malungo. A Nkhata anali mmodzi wa amene anafika ku Burma. Cikumbutso ca nkhondo imeneyo cikalipo m'maina monga mseu wa Burma ndi kampu ya asilikali ya Arakan mu Lusaka, ndiponso makampu a Chindwin ndi Kohima ku Kabwe.

Usilikali unasonkhanitsa anthu amene akanakhala kwao sakanakumana. M'misasa munali anyamata a ku Kenya, Tanganyika, Uganda, Nyasaland ndi Northern Rhodesia, ndipo aliyense anabwera ndi nyimbo za kwao. Anali kumvanso mbale za galamafoni zocokera ku America ndi ku Ulaya. Nkhondo itatha mu 1945, asilikali obwerera anathandiza kwambiri kufalitsa gitala ndi maimbidwe atsopano m'matauni a kum'mawa ndi pakati pa Africa.

Sukulu ya pa ulendo

Atavula yunifomu, a Nkhata anagwira nchito ndi a Hugh Tracey, mzungu wobadwira ku England mu 1903 amene anathera moyo wake kujambula nyimbo za anthu a mu Africa. A Tracey anali kuyenda ndi magalimoto onyamula makina ojambulira mau, kulowa m'midzi, m'migodi ndi m'mabwalo a mafumu. Pa nyimbo iliyonse anali kulemba dzina la woimba, cinenero cake, tanthauzo la mau ndi mtundu wa coimbira. Anali kupimanso kamvekedwe ka ziimbiro monga kalimba ndi silimba, kuti aonetse kuti amisiri ake amazichuna motsatira dongosolo lao, osati mwangozi. Mu 1954 anakhazikitsa bungwe la International Library of African Music, limene tsopano lili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa.

Kwa a Nkhata, nchito imeneyi inali ngati sukulu ya zoimbaimba. Anaphunzira kuchera khutu ku nyimbo ya kumudzi monga cinthu coyenera kusungidwa, anadziwa kagwiritsidwe nchito ka makina ojambulira, ndipo anamva maimbidwe a mitundu yambiri. Komabe njira imene iwo anadzatsata inasiyanako ndi ya a Tracey. Mzunguyo anali ndi nkhawa yakuti nyimbo za m'tauni zotengera kunja zidzameza nyimbo za makolo. A Nkhata anali munthu wa m'tauni womwe, wokonda gitala, ndipo anasankha kumanga mlatho pakati pa ziwirizi: kutenga nyimbo ya kumudzi ndi kuiveka zovala zimene munthu wa m'komboni angailandire nazo.

Wailesi ya sefuliya

Wailesi inayamba mu Lusaka mu 1941, pamene boma linatsegula kanyumba koulutsira mau kuti mabanja a asilikali azimva nkhani za nkhondo. Pa nthawiyo anthu akuda amene anali ndi wailesi yaoyao anali owerengeka. Ambiri anali kumvera pa wailesi imodzi yoikidwa ku boma, ku bwalo la mfumu kapena m'holo ya ku migodi.

Zinthu zinasintha cifukwa ca khama la a Harry Franklin, amene anali mkulu wa dipatimenti yofalitsa nkhani. Iwo anafunafuna kampani imene ingapange wailesi yochipa, yolimba, yoyendera batire, cifukwa m'makomboni ndi m'midzi munalibe magetsi. Kampani ya Ever Ready ya ku Britain inavomera, ndipo mu 1949 kunafika kawailesi kozungulira ngati sefuliya yophikira, kamene kanachedwa Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire lake linali kugulidwa padera pa mashiling'i 25. Zinali ndalama zambiri ndithu kwa munthu wogwira nchito ya m'nyumba kapena ya pa njanji, koma zinali zotheka kuzisonkhanitsa. M'zaka zocepa mawailesi amenewa anagulidwa zikwizikwi.

Nyumba youlutsira mau ya mu Lusaka inakula nikhala Central African Broadcasting Service, yotumikira anthu akuda a maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inali kuulutsa m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga, m'Cilozi, m'Cishona, m'Cindebele ndi m'Cingelezi. Apa ndi pamene a Nkhata analowa nchito ca m'ma 1950, monga woulutsa mau ndi womasulira. Anagwira nchito ndi anthu monga a Michael Kittermaster, amene anali kuyang'anira nyumbayo, ndi a Peter Fraenkel, amene pambuyo pake analemba buku la Wayaleshi lofotokoza za masiku amenewo.

Omvera anaikonda wailesiyi makamaka cifukwa ca nyimbo ndi mauthenga. Pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa inali kulandira makalata ambirimbiri. Mwamuna wogwira nchito ku Kitwe kapena ku Bulawayo anali kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa mkazi wake ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, kapena kwa makolo ake ku Dedza. M'nthawi imene amuna ambiri anali ku ulendo wa nchito kwa zaka, wailesi inakhala mthenga wa mabanja olekana.

Mzinda wa mbali ziwiri

Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935, ndipo anamangidwa ngati mzinda wa mbali ziwiri. Ku Ridgeway ndi madera ozungulira kunali maofesi a boma, nyumba zikuluzikulu ndi minda ya maluwa. Anthu akuda, amene anali kumanga, kuphika ndi kusesa mumzindawo, anali kukhala m'makomboni monga Chibolya, Kabwata, Chilenje ndi Matero. Munthu wakuda anali kuyenda ndi citupa, ndipo m'masitolo ambiri ndi m'mabuchala anali kugulira pa kawindo ka m'mbali, osaloledwa kulowera pa khomo.

Tsankho limeneli linafikanso pa zoimbaimba. Piyano inali kupezeka m'nyumba za azungu, m'maholo ao ndi pa mishoni zina. Ndi coimbira colemera ndi codula, ca makiyi 88 ndi nsambo zacitsulo zoposa 200, cofuna mmisiri wocichuna nthawi ndi nthawi. Munthu wofuna kukhala katswiri woimba nyimbo za Bach, Mozart, Beethoven kapena Chopin pamaso pa khamu amayamba ali mwana, amafuna mphunzitsi wa zaka zambiri, ndipo amakhala pa coimbiraco maola angapo tsiku lililonse kuwerenga nyimbo zolembedwa pa pepala. Mwana wa ku Chibolya, wokhala m'kanyumba kamene banja lonse linali kugona mopanikizana, analibe khomo lolowera njira imeneyo, ngakhale akanakhala ndi mphatso yotani.

Koma m'komboni simunasowe nyimbo. Munali ng'oma za magule a mitundu yosiyanasiyana, banjo yopangidwa ndi citini ca mafuta, gitala yogula kwa mnzako wobwerera ku Joni, makwaya a m'machalichi, ndi kalimba, imene azungu anali kuichula kuti piyano ya zala. Akuluakulu ambiri a boma, ngakhalenso anthu akuda ena ophunzira ku mishoni, anali kuona nyimbo zimenezi ngati zosangalatsa cabe anthu osaphunzira. A Nkhata anali ndi maikolofoni m'manja, ndipo anaigwiritsira nchito kuonetsa kuti maganizo amenewo anali olakwika.

Maimbidwe ao

Iwo anakhazikitsa kagulu ka oimba anai kodziwika ndi dzina lakuti Alick Nkhata Quartet. Mau ao anali ofewa, osakuwa, ndipo gitala inali kuyenda pang'onopang'ono pansi pa mauwo. Anzao anali kulandizana nao mau mogwirizana bwino, mofanana ndi magulu a anthu akuda a ku America amene mbale zao zinali zochuka pa nthawiyo, koma kayendedwe ka nyimbo ndi kuyankhana kwa wotsogolera ndi ovomera kunali kwa kuno kwao. M'nyimbo zina munali kumvekanso piyano, coimbira ca ku mayadi cija, tsopano cikutsatira nyimbo ya m'Cibemba kapena m'Cinyanja.

Nchito yosandutsa nyimbo ya kumudzi kukhala ya pa wailesi siinali yapafupi. Pa bwalo nyimbo imatha kuimbidwa usiku wonse, malinga ndi mphamvu za ovina. Mbale ya galamafoni ya masiku amenewo inali kuzungulira ka 78 pa mphindi imodzi, ndipo mbali imodzi inali kutenga pafupifupi mphindi zitatu cabe. Woimba anayenera kusankha mau ofunika, kukonza poyambira ndi pothera, ndi kugawa mau pakati pa oimba, koma osataya mtima wa nyimboyo. Kumeneku ndiko kunali luso la a Nkhata. Citsanzo cake ndi nyimbo ya Kalindawalo ni Mfumu, yonena za mfumu ya Ansenga ya ku Petauke, imene anaifikitsa kwa omvera a maiko atatu.

Nyimbo zimene anapeka okha zinali kukamba za moyo watsopano wa m'tauni. Anaimba za cikondi ndi kulekana, monga mu Shalapo, liu la Cibemba lotsazikira munthu wotsala. Anaimba za mowa mu Imbote, dzina la mowa wa uci. Anaimba za woyendetsa galimoto ya hayala mu Taxi Driver. Anali kuseka anyamata odzionetsera, kucenjeza mabanja, ndi kudandaula za ndalama zimene zimatha mwezi usanathe. Anali kudzudzula mwa nthabwala ngati mmene acitira ankhoswe, kotero kuti wodzudzulidwayo anali kuseka nao pamodzi. Zina mwa nyimbo za pa wailesiyi zinali zophunzitsa anthu zaukhondo ndi zaulimi, cifukwa boma linali kuona wailesi ngati sukulu ya akuluakulu.

A Nkhata sanadziimbire okha. Wailesi ya Lusaka inali kutumiza galimoto yojambulira m'maboma akutali, ndipo inasonkhanitsa nyimbo zambiri za makolo. Oimba magitala a ku migodi, makwaya ndi akatswiri a kalimba anali kuitanidwa kudzajambulidwa. Munthu amene dzulo anali kudziwika m'mudzi mwake mokha anali kumveka mawa lake kucokera ku Mongu mpaka ku Zomba. Pambuyo pake a Nkhata anayambitsa gulu la Lusaka Radio Band, limene linadzachedwa Big Gold Six. Nchito ya gululi inali kutenga nyimbo zojambulidwa m'midzi ndi kuziimba ndi ziimbiro zamakono.

Masiku ovuta a Citaganya

Mu 1953 boma la Britain linaphatikiza maiko atatu aja kukhala Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu akuda a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland anacikana kotheratu, poopa kuti ulamuliro udzapita m'manja mwa azungu a ku Salisbury ndi kuti malo ao adzalandidwa. Cipani ca African National Congress, cotsogozedwa ndi a Harry Mwaanga Nkumbula, cinali patsogolo pa kukanako.

Oulutsa mau acikuda anapezeka pakati pa moto ndi madzi. Wailesi inali ya boma, ndipo nkhani zoyamikira Citaganya zinali kuwerengedwa ndi mau ao. M'makomboni munafalikira mphekesera za banyama, anthu amene anali kunenedwa kuti amagwira anzao usiku ndi kuwakhetsa magazi potumidwa ndi azungu. Anchito a pa wailesi anali m'gulu la anthu amene anali kuganiziridwa zimenezi, ndipo ena anaopsezedwa. Munthu amene madzulo anali kusangalatsa anthu ndi nyimbo anali kubwerera kukagona m'komboni momwemo mmene anthu anali kumuyang'ana ndi diso lokayika. Mu 1958 wailesiyi inalowa pansi pa Federal Broadcasting Corporation, ndipo cikhulupiriro ca omvera pa nkhani zake cinacepa koposa.

Ngakhale zinali conco, nyimbo za a Nkhata sizinatayike m'mitima ya anthu. Omvera anali kusiyanitsa pakati pa nkhani za boma ndi nyimbo za m'cinenero cao. Ndale nazo zinali kuthamanga. Mu 1958 a Kenneth Kaunda ndi anzao anapatukana ndi a Nkumbula nayambitsa cipani ca Zambia African National Congress, cimene boma linaciletsa mu 1959. M'malo mwake munabadwa cipani ca UNIP, cimene a Kaunda anayamba kucitsogolera mu 1960 atatuluka m'ndende. Mu 1961 kunabuka cipolowe ca Cha Cha Cha, cimene dzina lake linacokera ku gule wochuka wa masiku amenewo. Anthu anatentha zitupa ndi kutseka miseu, makamaka kumpoto kwa dziko kumene a Nkhata anabadwira.

A Nkhata anasankha mbali yao. Anapereka luso lao ku nkhondo ya ufulu, naimba nyimbo zolimbikitsa cipani ca UNIP ndi atsogoleri ake. M'dziko limene anthu ambiri sanali kuwerenga nyuzipepala, nyimbo inali kufika kumene cikalata sicikanafika. Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo pa 24 October 1964 dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira.

Pambuyo pa ufulu

Dziko latsopanoli linali ndi mitundu yoposa 70, ndipo boma linaona wailesi ngati cida comangira umodzi. Mu 1966 wailesi inakhala dipatimenti ya boma yochedwa Zambia Broadcasting Services. A Nkhata, amene anayamba monga womasulira pansi pa mabwana acizungu, anakwera nakhala mmodzi wa akuluakulu oyendetsa wailesiyo, ndipo anatsogoleranso nchito za boma zoona za cikhalidwe. Udindo unaculuka ndipo nthawi yoimba inacepa, koma colinga cao sicinasinthe: nyimbo za Zambia zimveke pa wailesi ya Zambia.

Nkhondo imeneyi inali ikalipo. M'mabala ndi m'maholo a madansi munali kulamulira rumba ya ku Congo, nyimbo za ku South Africa, ndi magitala a magetsi a ku Britain ndi America. Pakati pa zaka za m'ma 1970 a Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'dziko lino. Lamuloli linatheka kutsatidwa cifukwa maziko anali ataikidwa kale: kunali nkhokwe ya nyimbo zojambulidwa, ndipo kunali omvera ozolowera kumva cinenero cao pa wailesi.

Mu 1974 a Nkhata anapuma pa nchito napita kukakhala pa famu yao ku Mkushi, dera lodziwika ndi ulimi wa cimanga. Monga anthu ambiri a mbadwo wao, atatumikira boma anabwerera ku nthaka.

Tsiku la 19 October 1978

Akuluakulu amati mnzako akapsa ndevu mzimire. Dziko la Zambia linatsata mau amenewa pamene linalandira omenyera ufulu a maiko oyandikana nalo. Kucokera pamene a Ian Smith analengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia mu November 1965, Lusaka anakhala kwao kwa zipani zothawa kwao. Cipani ca ZAPU ca a Joshua Nkomo, pamodzi ndi asilikali ake a ZIPRA, cinali ndi misasa ingapo m'dziko lino.

Pa 3 September 1978 asilikali a ZIPRA anagwetsa ndege yonyamula anthu ya Air Rhodesia itangonyamuka ku Kariba. Boma la Smith linakonza zobwezera. M'mawa wa pa 19 October ndege zake za nkhondo zinalowa mu Zambia ndi kuphulitsa msasa wa Chikumbi, wodziwikanso kuti Freedom Camp, kumpoto kwa Lusaka. Mkulu wa ndegezo, amene anadzichula kuti Green Leader, analamula anchito a pa bwalo la ndege la Lusaka kuti ndege za Zambia zisanyamuke. Magalimoto onyamula ovulala anakhamukira ku cipatala ca UTH, ndipo anthu a mumzinda anaitanidwa kukapereka magazi.

Tsiku lomwelo asilikali a Rhodesia anaukiranso msasa wa ku Mkushi, mmene munali atsikana ambiri a ZIPRA amene anali pa maphunziro. Anthu mazanamazana anaphedwa m'misasa iwiriyi. Famu ya a Nkhata inali m'dera lomwelo, ndipo iwo anaphedwa pa ciwembuco ali ndi zaka 56. Cakudza siciimba ng'oma. Munthu amene anapulumuka nkhalango za ku Burma ali mnyamata anafera kwao, pafupi ndi munda wao, pa nkhondo ya dziko la eni. Patangopita caka cimodzi ndi miyezi isanu ndi umodzi, pa 18 April 1980, dziko la Zimbabwe linalandira ufulu umene anthu a ku Chikumbi ndi ku Mkushi anafera.

Cimene anasiya

Njira imene a Nkhata analambula inapitamo anthu ambiri. A Emmanuel Mulemena anaimba nyimbo za Cikaonde ndi ziimbiro zamakono. Oimba kalindula a zaka za m'ma 1980, monga a P.K. Chishala, anapitiriza mwambo wotenga gule wa kumudzi ndi kudzudzula nao makhalidwe a m'tauni. Ku Chibolya komweko kunakulira a Paul Ngozi, amene anabadwa mu 1949, caka cimene wailesi ya sefuliya inafika. Gitala yao inali yaukali, yosiyana kutali ndi kufatsa kwa a Nkhata, koma naonso anaimba za moyo wa m'komboni m'cinenero ca anthu a m'komboni, ndipo mpaka pamene anamwalira mu 1989 panalibenso wofunsa ngati nyimbo zotero ziyenera kuulutsidwa pa wailesi.

Dzina lakuti Chibolya limacokera ku liu la Cibemba lotanthauza bwinja, mudzi umene anthu anasamukamo. Nyimbo nazo zimatha kusanduka bwinja. Mbale za galamafoni zimasweka msanga, matepi amaonongeka ndi cinyezi ndi kutentha, ndipo okalamba amene anali kudziwa mau a nyimbozo akutha. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa zina mwa nyimbo za a Nkhata ndi kuzitulutsanso pa cimbale cochedwa Shalapo, ndipo cifukwa ca ico anthu a maiko akutali anamva mau ao kwa nthawi yoyamba. Lero zina mwa nyimbozo zimapezeka pa intaneti, ndipo mdzukulu angathe kumvera pa foni nyimbo imene agogo ake anali kuimvera atazungulira kawailesi ka batire pa khonde.

Wailesi imene a Nkhata anaitumikira inasinthanso dzina mu 1988 nikhala Zambia National Broadcasting Corporation. Nyumba zake zili pa mseu wochedwa ndi dzina lao, ndipo oulutsa mau a zinenero zisanu ndi ziwiri za m'dziko lino amadutsa pamenepo popita ku nchito. M'Cinyanja, nkhata ndi kansalu kapena udzu wopota umene munthu amaika pamutu posenza mtolo kapena mtsuko wa madzi. Katundu akafika pakhomo, anthu amayamikira madzi ndi nkhuni, ndipo nkhata imaikidwa pambali. Nyimbo za makolo zinayenda ulendo wautali kucokera ku midzi ya ku Kasama ndi ku Petauke mpaka kufika m'nyumba za ku Chibolya, Chawama ndi George, ndipo mbali yaikulu ya ulendowo zinasenzedwa ndi mphunzitsi uja wa gitala amene anagona ku Mkushi mu 1978.